Pasakhale Mutu Woposa Wake

Nkhalamba imene inkapereka nkhata ya maluwa inagwa chagada pamapazi pa Wimonsiri, mwana wamkazi wa mfumu, asanadule n'komwe riboni ya chipatala chotchedwa dzina lake.

Wimonsiri anaphunzira udokotala, koma kunyumba yachifumu sanamulolepo kugwira wodwala ndi mmodzi yemwe. Anaponya pansi sizasi yagolide n'kugwada, zala zake pakhosi pa nkhalambayo.

Pomwepo bwalo lonse linagwa chafufumimba, pakuti mutu wa munthu wamba sukwera kuposa wa mwana wa mfumu. Anamwino amene ankathamanga ndi machira anawasiya, n'kugunditsa zipumi pa simenti yotentha.

"Dzukani, bweretsani machirawo," anatero Wimonsiri.

Palibe anadzutsa mutu.

Azakhali ake, a Lamduan, anakwawa mpaka pambali pake. "Mwana wa achimwene, imirira," ananong'ona. "Ukagwada iwe, awa sadzuka. Ukufuna agogowa afere m'manja mwako makamera akuona?"

"Azakhali, mtima wawo ukuima. Ndikudziwa chochita."

"Ololedwa kuchita ndi awo wawagoneka pansiwo."

Wimonsiri anachotsa zala zake pang'onopang'ono. Anaimirira. Anamwino anadzuka chowerama, ananyamula nkhalamba ija n'kudutsa nayo pansi pa riboni, kulowa pakhomo lolembedwa dzina la Wimonsiri.

Msilikali anatola sizasi n'kumupatsira ali chogwada. Zala za Wimonsiri zinali zidakali ndi thukuta la nkhalamba ija. Anamwetulira monga amamwetulira pa chithunzi chopachikidwa m'sukulu iliyonse, nadula riboni.