Mphero Pansi pa Chitsulo

Chikhazikitsireni lamulo la nthaka, m'mawa uliwonse wa dzinja banja lililonse limabaya pabwalo chitsulo chopimira. Chikalowa kupyola mzere wofiira ndiye kuti nthaka yakhuta madzi, chivomezi chikabwera idzameza nyumba. Zikatero mumasamukira kumtunda, kumisasa ya nsungwi.

Kudambo anthu onse anali atasamuka, koma kwa a Chikakuda chitsulo chinkakanabe kulowa.

Lachitatu mkazi wawo, Nagama, anasowa mphero yake. Anakaipeza itakwiriridwa pamalo pomwe amabaya chitsulo paja.

"Bambo a Tiyese, mwala wangawu ukutani pansi pano?"

"Bwezerani msanga, anthu angaone. Njerwa izi ndinaumba ndi kuotcha ndekha, zaka zitatu. Lero ndikagone m'nsungwi ngati nkhuku?"

Nagama anasendera pambali pang'ono, nabaya chitsulocho ndi dzanja limodzi. Chinalowa chonse mpaka chigwiriro, ngati mthiko m'phala.

M'nyumbamo khanda lawo Tiyese linali m'tulo, m'tsinde mwa khoma lolemera la njerwa zija. Nagama analowa, natuluka atalibereka.

"Mpheroyo kwirirani nokha," anatero. "Mwina nacho chivomezi mudzachinamiza."