Anajambula mnzake akulira

Panali munthu wina pa yunivesite ina kuno mumzinda wa Rajshahi, dzina lake Rezwan. Amene anandiuza nkhaniyi ankagona naye hositelo imodzi, ndipo mpaka lero akamva dzinali amalavula.

Rezwan ankakhalira foni. Chilichonse ankajambula n'kuponya pa tsamba lake la pa intaneti kuti anthu aseke: woyendetsa rikisho, njinga yonyamula anthu, akagwa m'matope, mphunzitsi akalakwitsa mawu. Akadzuka, asanasambe n'kumaso komwe, ankayamba waona kuti omutsatira afika angati.

M'chipinda ankakhala ndi Tahmid, mnyamata wofatsa wa chaka choyamba, wochokera kumudzi. Tsiku lina Tahmid analephera mayeso. Anakhala pabedi n'kuimbira mayi ake, amene ankawatchula kuti Ammu, akulira ngati mwana.

"Ammu, ndalephera. Ammu, ndikufuna kubwera kwathu."

Rezwan anamujambula mobisa. Anaikamo kanyimbo koseketsa n'kuponya pa intaneti. Pofika mawa lake sukulu yonse inali itaonera.

Tahmid akalowa m'chipinda chodyera, anyamata ankamenya mbale ndi masipuni n'kumaimba, "Ammu, Ammu, ndikufuna kuyamwa." Ngakhale wogulitsa tiyi pageti anamufunsa ngati akufuna tiyi wake m'botolo la mwana.

Tahmid anapempha pomutchula kuti bhai, kutanthauza achimwene, "Rezwan bhai, chonde chotsani kanema uja."

"Iwe, ndakutchukitsa kwaulere ndiye ukudandaula? Taona anthu aonerawa. Anzako amachita kulipira kuti adziwike."

"Achibale anga aona. Bambo sakundiyankha foni."

"Ndiye ulire kaye, ndijambule gawo lachiwiri."

Kuyambira pamenepo Tahmid anasiya kupita m'kalasi. Ankangofunda n'kumawerenga ndemanga za anthu, imodziimodzi, kuyambira m'mawa mpaka foni kutha moto. Akaitchaja, ankayambiranso. Anzake ankamuuza kuti aizimitse, koma sankatha. Mpunga ankaubweza osaukhudza.

Mtsikana wina wa m'kalasi mwake, Farhana, anamutsatira Rezwan pamalo omwera tiyi.

"Bhai, mnzanu uja sali bwino. Wandipatsa mabuku ake onse, akuti sawafunanso. Dzulo wandiuza kuti watopa ndi moyo. Chotsani kanemayo, ndipo musamusiye yekha."

Rezwan sanadzutse n'komwe mutu pafoni. "Amene amanena zimenezo sachita. Akungofuna kuti anthu amumvere chisoni. Kapena wamukonda? Ukhale Ammu wake wachiwiri."

Anyamata amene anali naye anaseka. Farhana anapita kukauza woyang'anira hositelo, koma iye anati adzamuona Tahmid sabata yotsatira.

Lachisanu masana, anthu ambiri atapita ku mzikiti, Tahmid analemba pa intaneti mawu otsanzika. Anapepesa mayi ake, n'kunena kuti sadzavutitsanso munthu. Anthu ambiri anawerenga nthawi yomweyo. Wina analemba kuti, "Ammu wayambanso." Wina anati, "Uyatse kamera tione." Ena anangoika tinkhope toseka. Rezwan anawerenga ali pamalo ometera tsitsi, n'kutumiza mawuwo kwa omutsatira. Palibe ndi mmodzi yemwe anaimba foni.

Farhana ataona, anathamanga. Atsikana saloledwa kulowa m'hositelo ya anyamata, ndiye anaima pageti n'kukuwa mpaka mlonda ndi ophunzira awiri anakwera kukathyola chitseko. Anamupeza Tahmid atayesa kudzipha, koma akupumabe. Anamunyamula pa rikisho kupita naye kuchipatala, ndipo madokotala anamupulumutsa.

Mayi ake anafika pabasi tsiku lomwelo. Anakhala pambali pa bedi atagwira dzanja la mwana wawo.

Mawa lake Rezwan anatulukira. Anavala malaya akuda, maluwa kudzanja lina, foni kudzanja linalo, kamera ili yoyatsa. Analowa akulankhula ndi foniyo.

"Anzanga, ndabwera kudzaona mng'ono wanga wapamtima. Tiyeni tizikondana."

Anawerama kuti nkhope yake ioneke limodzi ndi ya Tahmid, amene anali ndi mapaipi m'mphuno. Kenako anauza mayi aja, powatchula Khala, kutanthauza azakhali, kuti, "Khala, tasunthirani kuno pang'ono, kuwala kukuchokera uko."

Mayiwo anamuyang'ana n'kumufunsa.

"Ndiwe unajambula mwana wanga akulankhula ndi ine?"

"Zinali zocheza chabe, Khala."

"Mwana akamalirira mayi ake, kwanu mumati zocheza? Tuluka. Maluwa akowo utenge."

Anamwino anamukankhira kunja. Ophunzira a m'hositelo anamutayira matiresi ndi zovala pabwalo, ndipo akuluakulu a sukulu anamuimitsa kwa chaka.

Musaganize kuti anachita manyazi. Madzulo omwewo anaponya kanema wina, akulira misozi yochita kufinya, akuti anthu akumuzunza. Anthu anauonera kuposa woyamba uja. Ndipo amene analemba kuti "uyatse kamera tione" ndi omwewo amene tsopano ankalemba kuti, "Tahmid tili nawe, ndife abale ako." Maina omwewo, zithunzi zomwezo.

Tahmid anapita kwawo. Anakhala miyezi akuonana ndi mlangizi wa zamaganizo, ndipo foni anaisiya m'manja mwa mayi ake. Chaka chotsatira anabwerera kusukulu n'kukhoza mayeso aja. Anthu amene ankamuseka akamupatsa moni amayankha, koma tiyi amamwa ndi Farhana ndi anyamata awiri amene anathyola chitseko.

Phunziro: Misozi ya mnzako si yosekera pa intaneti, ndipo aliyense amene amaseka kapena kutumiza kwa ena ali ndi mlandu womwewo. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, mukhulupirire. Siya foni, pita ukakhale naye, uuze achibale ake kapena achipatala tsiku lomwelo. Ngati wotopayo ndi iwe, zimitsa foniyo ndipo uuze munthu amene umamudalira. Tumizani nkhaniyi kwa ophunzira onse amene mukuwadziwa, makamaka aja othamangira kujambula.