Nkhwali, Njati ndi Udzu Wowawa

Padangokhala Njati ndi Nkhwali m'dambo lina, chaka chomwe mvula idathawa msanga. Udzu wonse udauma, kupatula tsinde limodzi la tsekera. Pansi pake Nkhwali adaikirapo mazira asanu.

Njati adafika ndi njala. "Chotsa mazira akowo ndidye udzu," adatero. "Udzuwu ngodwala kale. M'mapesi mwake mwalowa nkhungu, mbale wake wa bowa uja."

"Sindisuntha, a Njati," adayankha Nkhwali. "Nkhunguyo si matenda. Udzu umaidyetsa, iyo imauthandiza kupirira chilala ndi kuuteteza kwa oudya. Inu mukaona wina akukhala kwa mnzake, mumangoti ndi wodyera masuku pamutu."

Njati adaseka. "Kankhungu konga ulusiko kangaletse ine? Dzuwa lisanafike pamutu ndikhala nditamaliza tsinde lonseli, mazirawo nditawaponda."

"Yambani. Mundipeza pompano."

Nkhwali adafungatira mazira ake, mpweya wa Njati ukumuwuzira nthenga. Njati adabudula udzu koyamba nkumeza. Kachiwiri, dovu lidayamba kuchucha. Kachitatu, miyendo idalobodoka, ndipo adadzandira ngati woledzera mpaka kugwada m'fumbi.

"Wandilodza iwe," adabuula Njati.

"Ine sindinakukhudzeni," adatero Nkhwali. "Eni nyumbayi ndi awiri, koma inu munawerenga mmodzi."

Njati adadzuka movutika nkuchoka osacheuka. Patatha sabata, anapiye asanu adatuluka m'tsekeramo, naponda m'mapazi a Njati popita kukamwa madzi. Nthano yanga yagona pamenepa.