Kwaya ya pa Holide

Njinga yamoto itangozima panja pa tchalitchi, a Taziona, mphunzitsi wa Chingerezi ku Kanduku, anafufuta bolodi ndi chitenje. Kuphunzitsa pa holide kunali koletsedwa, ndipo mnzawo wina anali atayimitsidwa kale ntchito.

"Imbani!" ananong'oneza.

Ana anakhalira makope awo n'kuyamba nyimbo ya kwaya.

Pakhomo panaima woyendera sukulu wochokera kuboma. Iye sanawayang'ane n'komwe anawo. Maso ake anali pa manja a aphunzitsiwo, oyera mbee ndi choko.

Nyimbo inatha.

"Madamu, tabwerani panja."

A Taziona anatuluka. Bamboyo anasuzumira kumsewu, kenaka anatsitsa mawu.

"Mwana wanga walepheranso Chingerezi. Kwaya yanuyi mawa iyamba nthawi yanji?"