Matope a kwa Fawaz

Ndinafika kwa Fawaz dzuwa litangolowa, m'chipululu cha Kuwait momwe zitsime za mafuta zinakhuthukira nthawi ya nkhondo. Ndinkayembekezera kununkha kwa phula. Ndinamva fungo la dothi lonyowa.

Fawaz, amene kusukulu ankakopera mayankho kwa ine, anaunika pansi ndi tochi. Panali patamera udzu weniweni.

"Mabakiteriya anga amadya mafuta, aise," anatero akundithirira khofi. "Luso lili pa kamphete kena ka m'kati mwawo, pulasimidi. Amapatsirana kampheteko, ngakhale ndi mabakiteriya achilendo. Si aumbombo ngati iwe."

Nanenso ndili ndi mabakiteriya anga, koma ndawabisa mufiriji zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikawathira panthaka amafa, malo anga akadali bii ndi mafuta.

"Ndikutapire dothi m'botolo?"

"Zakozo khala nazo," ndinayankha.

Pachipata pali beseni, ndipo aliyense wotuluka amatsukamo jombo kuti asatuluke ndi mabakiteriya. M'mamawa ndinaponda dala m'matope, beseni n'kulilambalala.

Ndikutsegula galimoto, Fawaz anakuwa ali pakhomo.

"Mishari! Jombozo uzikulunge, zikauma padzuwa mabakiteriyawo amafa!"

Sindinacheuke. Koma nditakhota, ndinaima n'kuzikulunga.