Sunali Ulesi

"Nambala yakwera chonchi, ndiye kuti ndili bwino?" anafunsa Zeferina, akuloza pepala la zotsatira za magazi ake.

A dotora a ku Ulongwe anapukusa mutu. "Awa si mayeso a kusukulu, mayi. TSH imeneyi ndi mawu amene ubongo umaitanira chithokomiro, kachiwalo ka pakhosipa. Chikafooka, ubongo umafuula kwambiri. Wanu wakhala ukufuula kuyambira kale, osayankhidwa."

"Nanga tulo tosathati? Kuzizidwaku, mpaka kuvala kazako wa mphepo dzuwa likuswa mtengo?"

"Zonsezo ndi matendawa. Mapiritsi alipo, muzimwa m'mawa uliwonse."

Zeferina anayang'ananso pepala lija. Kani sunali ulesi! Amuna ake, a Custódio, anamusiya ku Lifidzi chaka chatha n'kukakwatira ku Kalomwe, ati sangasunge mkazi wowodzera pamzere anzake akukumba mbatatesi. Azimayi anzake analeka kumuitana akamalimitsana minda. Mwiniwakenso anafika povomereza kuti anabadwa waulesi.

Atatsika chapa, minibasi yobwerera ku Lifidzi, anapeza pakhomo pali zii, nkhuku zokha zikupalasa kuseri. Anakhala pakhonde, nayala pepala lija pamiyendo, n'kuimbira foni a Custódio. Sankafuna kuti abwerere, ayi. Ankangofuna kuti munthu mmodzi yekha amve kuti iye sanali waulesi.

Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, inadukanso.

Zeferina anasisita pakhosi pake pang'onopang'ono.

"Iwe bola, uli ndi mapiritsi," anauza chithokomiro chija, naimbanso foni.