Chithunzi Chopita ku Dedza

"Nonse yang'anani kuno!" anafuula mayi Ingrid, mzungu wa mishoni imene inagulira malata tchalitchi cha Amalawi ku Kroondal, ku Joni. Kamera inali kale m'manja.

A Benard, mkulu wa mpingo, anaima kutsogolo pamodzi ndi Mmapula, mkazi wawo Mtswana.

"Chithunzichi ndikachionetsa m'mipingo yonse imene timathandiza," anatero mayi Ingrid. "Mwezi wamawa ndidzakhala kwanu ku Dedza."

A Benard anamva kutentha m'jekete. Ku Dedza anasiyako mkazi wawo woyamba, Tinenenji, ali ndi pakati pamene ankabwera ku Joni, ndipo anzawo anakamuuza kalekale kuti mwamuna wake anafera mumgodi. Tinenenjiyo sankajomba kutchalitchi, ankakhala benchi yakutsogolo.

A Benard anakokera chipewa kumaso. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, maso akusakasaka podutsira.

"Mukupita kuti, papa?" Mmapula anawagwira mkono. "Tchalitchichi mwamanga ndinu."

"Akulu akhale pakati!" unafuula mpingo wonse uku ukuwakankhira kutsogolo.

Mayi Ingrid anatsitsa kamera, namwetulira.

"Chipewacho, bambo. Ndikufuna anthu akwanu akakuoneni bwinobwino."

A Benard anavula chipewa.